Fulopi yokanidwa ndi kiyibodi kapena makina opeta: dziwani kukula kwake musanaifomate

Dandaulo limakhala lomwelomwelo. Telala wa ku Fordsburg wagula bokosi la mafulopi, waikamo mapatani kuchokera pa laputopu, koma makina opeta akuikana disikiyo ngati mulibe kanthu. Woimba kiyibodi ku mpingo wa Amalawi ku Rosettenville walandira disiki ya nyimbo zakale yomwe yabwera pa basi kuchokera ku Blantyre. Kompyuta yafunsa ngati aifomate, iye wavomera, nyimbo zonse zapita. Kawirikawiri disiki imakhala ilibe vuto. Chalakwika n'chakuti makina awiriwo sakumvana pa kalembedwe.

Fulopi yosafomata ili ngati munda wongososa kumene. Mizere imaunga ndi drive, ndipo drive yomweyo ndi imene imasankha kutalikirana kwa mapando. N'chifukwa chake disiki imodzi yomweyo ya mtundu wa DD (double density) imasunga 720 KB pa PC, 800 KB pa Macintosh yakale ndi 880 KB pa Amiga. Nambala yolembedwa pa bokosi ndi kalimidwe kamodzi chabe. Mukadziwa kuwerenga mizere ndi mapando, mudziwanso chomwe makina anu akufuna.

## Zofunika kukhala nazo

- Drive ya fulopi ya USB ya mainchesi 3.5. Imakwanira pa madisiki a 1.44 MB, ndipo ambiri amawerenganso a 720 KB.
- Laputopu ya Windows kapena Linux. Laputopu iposa kompyuta ya pa desiki chifukwa magetsi akathima ntchito ili mkati, batire imaipitiriza.
- Pa Linux, mapulogalamu awa: ufiformat, mtools ndi ddrescue. Pa Windows, HxD yowonera ma byte.
- Tepi yakuda ya zamagetsi. Selotepi yowonekera ayi.
- Isopropyl alcohol ya 99% ndi timitengo ta thonje. Spiriti wapepo uja wa m'mashopu musagwiritse, amasiya utoto pa mitu ya drive, tizida tomwe timawerenga ndi kulemba pa disiki.
- Buku la makina anu, kapena disiki imodzi yomwe makinawo amaiwerenga bwinobwino. Disiki imeneyi ndi mboni yanu, isungeni bwino.
- Kwa madisiki achilendo: kabolodi ka Greaseweazle, drive yakale ya m'kati mwa PC, kebulo ya mapini 34 ndi magetsi a 5V. Drive ya mainchesi 5.25 imafunanso 12V.

Sony inasiya kupanga mafulopi mu 2011, ndiye amene mungawapeze pa kaunjika wa zamagetsi muno mu Johannesburg, ngakhale akhale osatsegula, ndi okalamba. Gulani ochuluka kuposa omwe mukufuna, ena afa pofomata.

## Iyang'aneni disiki isanalowe m'drive

1. Werengani mabowo. Gwirani disiki lebulo ikuyang'ana kwa inu, kachitsulo kotsetsereka kali m'mwamba. Pansi kumanzere pali bowo lokhala ndi kachitseko kumbuyo kwake. Pansi kumanja ndi pomwe pagona nkhani: pakakhala bowo lachiwiri lopanda chitseko, disikiyo ndi HD (high density, ya 1.44 MB), popanda bowo, ndi DD. Ya mtundu wa ED, ya 2.88 MB, bowo lake lili m'mwamba pang'ono kuposa la HD, koma imeneyi imapezeka mwa apo ndi apo.

Chenjezo: bowo likukuuzani mtundu wa maginito opakidwa pa disiki, silikukuuzani momwe mwini wake anaifomatira. Mukapeza tepi yomata pa bowo la kumanja, musaimatule. Ndiye kuti wina anailemba ngati DD, ndipo iyenera kuwerengedwa choncho.

2. Ikhomeni. Kankhani kachitseko ka kumanzere mpaka kuwala kuzidutsa pa bowo. Ikatero palibe makina angalembemo kapena kuifomata. Pa madisiki akuluakulu a 5.25 ndi mosemphana: mumamata tepi pa kampata ka m'mbali kuti muikhome.

3. Yang'anani m'kati. Tsetseretsani kachitsulo ndi chala, zungulitsani chitsulo chapakati pang'onopang'ono, muone nkhope yonse ya disiki pa kuwala. Timadontho toyera kapena totuwa ndi chuku, ndipo sichisowa pa madisiki omwe akhala zaka m'sutikesi kumadera a chinyezi ngati Nkhotakota kapena Salima. Disiki yachuku ikalowa m'drive imadetsa mitu, kenako mituyo imakanda disiki iliyonse yotsatira. Iikeni pambali kaye.

4. Pukutani mitu ya drive ngati ndi yakale yotseguka: thonje lonyowa pang'ono ndi isopropyl, mutu wapansi ndi wapamwamba, osaukweza wapamwambawo mwamphamvu. Dikirani mphindi zisanu iume.

## Masamu a nambala zinayi

5. Chulukitsani. Track ndi mzere umodzi wozungulira disiki. Sector ndi chigawo chimodzi cha mzerewo, ndipo ma sector ndiwo mapando tinanena aja. Kukula kwa disiki kumachokera apa basi:

mbali × ma track a mbali imodzi × ma sector a track imodzi × ma byte a sector imodzi

Yesani nokha pa foni:

- 360 KB, ya 5.25: 2 × 40 × 9 × 512 = 368,640
- 1.2 MB, ya 5.25: 2 × 80 × 15 × 512 = 1,228,800
- 720 KB: 2 × 80 × 9 × 512 = 737,280
- 1.44 MB: 2 × 80 × 18 × 512 = 1,474,560
- DMF ya Microsoft, 1,680 KB: 2 × 80 × 21 × 512 = 1,720,320
- 2.88 MB: 2 × 80 × 36 × 512 = 2,949,120
- Amiga, 880 KB: 2 × 80 × 11 × 512 = 901,120
- Ya ku Japan, 1,232 KB: 2 × 77 × 8 × 1,024 = 1,261,568

Taonani kuti ya 720 KB, ya 1.44 MB ndi ya 2.88 MB zonse zili ndi ma track 80 mbali iliyonse. Anthu ambiri amaganiza kuti HD ili ndi mizere yochuluka. Ayi, mizere ndi yomweyo, mapando ndiwo awirikiza.

Dzina loti 1.44 MB nalonso ndi masamu okhota. 1,474,560 mukaigawa ndi 1,024 mupeza 1,440, ndipo wina anangogawanso ndi 1,000 n'kulemba MB. Musataye nthawi kufunafuna ma byte omwe sanakhaleko.

6. Chotsani malo a ndandanda. Pa disiki ya 1.44 MB pali ma sector 2,880, koma 33 oyambirira si anu: 1 ndi boot sector (yofotokoza kalembedwe ka disiki), 18 ndi makope awiri a FAT (tebulo losonyeza pomwe fayilo iliyonse ili), 14 ndi ndandanda ya mayina a mafayilo. Otsala 2,847 ndiwo ma byte 1,457,664. Pa ya 720 KB mumatsala ndi 730,112. Fayilo ya patani ikaposa apa, siilowa, ngakhale bokosi lilonjeze zotani.

## Chomwe chimaika malire pa track imodzi

Apa ndi pomwe pali mutu wa nkhani, ndiye tichedwepo.

Drive ya 3.5 imazungulitsa disiki maulendo 300 pa mphindi, kutanthauza kuti ulendo umodzi umatenga gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Pa DD imalemba ma bit 250,000 pa sekondi, choncho track imodzi imalandira ma bit 50,000, omwe ndi ma byte 6,250. Pa HD liwiro lolembera ndi 500,000, track imalandira ma byte 12,500. Chulukitsani 12,500 ndi ma track 160 a mbali zonse ziwiri, mupeza 2,000,000. Apo ndi pomwe pamachokera "2 MB" yolembedwa pa mabokosi ena a HD. Sanakunamizeni, angowerengera munda wonse ndi njira zomwe.

Nanga ma sector 18 a ma byte 512 ndi 9,216 okha, ma byte 3,284 enawo apita kuti?

7. Werengerani katundu wa sector iliyonse. M'kalembedwe ka IBM, komwe ma PC onse amatsata, sector ili ndi mutu wa ma byte 22 wonena nambala ya track, mbali, nambala ya sector ndi kukula kwake. Kenako pali mpata wa ma byte 22. Kenako ma byte 16 odziwitsa kuti uthenga wayamba, uthengawo wa 512, ndi ma byte 2 otsimikizira kuti wawerengedwa bwino. Zonse pamodzi ndi 574. Kumayambiriro kwa track kumapitanso 146.

Pamwamba pa izi pali mpata wina pakati pa sector ndi inzake, ndipo umenewu ndi umene anthu amaseweretsa. Ntchito yake ndi iyi: PC imalemba sector imodzi payokha, ndipo palibe ma drive awiri ozungulira pa liwiro lofanana ndendende. Drive yozungulira mofulumira kuposa inzake imatalikitsa sector pa disiki, ndipo popanda mpata mchira wake ungapondereze mutu wa sector yotsatira. Zili ngati kusiya njira pakati pa minda iwiri kuti khasu la mnzako lisadye mzere wako.

Pa 1.44 MB mpatawu nthawi zambiri ndi ma byte 108. Ndiye 18 × 682 kuphatikiza 146 ndi 12,422, zikukwana mu 12,500. Microsoft inafinya mpatawo kufika pa ma byte ochepa kwambiri, pafupifupi 12, n'kulowetsa ma sector 21. Imeneyo ndiyo DMF, yomwe anagawira Windows 95 pa mafulopi. Yesani 22: 22 × 574 ndi 12,628, zadutsa kale 12,500 musanaike mpata uliwonse. Ndiye 21 ndiwo malire a ma sector a 512 pa HD. Wokuuzani kuti ali ndi pulogalamu yoika 25 otere pa drive wamba, musamumvere.

Njira zina zopezera malo zilipo, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake.

Kukulitsa sector kumachepetsa mitu ndi mipata. Ma sampler a Akai ngati S1000 amaika ma sector 5 a ma byte 1,024 pa DD ndi 10 pa HD, n'kupeza 800 KB ndi 1,600 KB. XDF ya IBM, ya pa OS/2 Warp, imasakaniza ma sector a misinkhu yosiyana pa track imodzi n'kufika 1,840 KB. Mtengo wake: kompyuta wamba siiwerenga popanda pulogalamu yapadera.

Kuwonjezera ma track. Ma drive ambiri amafika 82, ndipo 2 × 82 × 21 × 512 ndi 1,763,328. Koma si drive iliyonse imafikako. Ina mutu umakagunda kumapeto, mumamva kugogoda, ndipo mafayilo a ku ma track awiriwo sawerengeka kwa mnzanu.

Kuchotseratu mipata. Amiga imalemba track yonse nthawi imodzi, ndiye siifuna njira pakati pa ma sector. N'chifukwa chake imaika 11 pomwe PC imaika 9.

Kusintha liwiro. Mzere wakunja ndi wautali kuposa wam'kati, koma PC imalemba ma bit ofanana pa yonse, malo akunja n'kumangotayika. Macintosh yakale inkasintha liwiro la mota: ma track 80 anagawidwa m'magulu asanu a 16, okhala ndi ma sector 12, 11, 10, 9 ndi 8 kuchokera kunja kulowa m'kati. Kuphatikiza ndi 800 mbali imodzi, 819,200 ma byte mbali zonse. Inkagwiritsanso kalembedwe kena ka ma bit kotchedwa GCR, pomwe PC imagwiritsa MFM.

Ya 1.2 MB ya 5.25 imalembedwa pa liwiro la HD lomwelo la 500,000, koma imazungulira maulendo 360, track n'kulandira ma byte 10,416 okha. Ndicho chifukwa ili ndi ma sector 15 m'malo mwa 18. Ya ku Japan ya 1,232 KB imazunguliranso 360 ngakhale ili ya 3.5, ndipo imafuna drive yolembedwa kuti 3-mode. Makina ena opeta ndi osema zitsulo ochokera ku Japan amalemba chonchi.

## Koperani disiki yonse, kenako muifunse kukula kwake

8. Pezani dzina la drive. Pa Linux lembani `lsblk` disiki ili m'kati. Fufuzani chomwe chikusonyeza 1.4M kapena 720K. M'zitsanzo zotsatirazi tikuti /dev/sdb, koma lanu likhoza kukhala lina.

Chenjezo: mukasokoneza dzinali pofomata, mufufuta flash kapena hard drive yanu. Zulani ma flash onse musanayambe, ndipo lembaninso `lsblk` nthawi iliyonse mwazula ndi kubwezera drive.

9. Pangani image, kutanthauza kope la sector iliyonse mu fayilo imodzi:

`sudo ddrescue -d -b512 -r3 /dev/sdb disiki.img disiki.log`

Lamuloli limalumpha malo ovuta n'kubwererako katatu. Mukamva kulira kokhala ngati kukwecha, tulutsani disiki pomwepo, ikusupuka. Kukula kwa fayilo ya disiki.img kuyerekezeni ndi ndandanda ya pa sitepe 5. Ikakhala 737,280, yankho mwalipeza kale.

10. Werengani boot sector. Lembani `xxd -s 11 -l 17 disiki.img`, kapena tsegulani fayiloyo mu HxD. Kuwerenga kumayambira pa 0:

- Byte 11 ndi 12: kukula kwa sector. 00 02 ndi 512.
- Byte 19 ndi 20: ma sector onse. 40 0B ndi 2,880. A0 05 ndi 1,440. 20 0D ndi 3,360, ya DMF.
- Byte 21: F0 pa 1.44 MB, F9 pa 720 KB, FD pa 360 KB.
- Byte 24 ndi 25: ma sector a track imodzi.
- Byte 26 ndi 27: mbali.

Apa anthu amapunthwa pawiri. Ma byte awiriawiriwa amawerengedwa chobwerera, ndiye 40 0B ndi 0B40. Komanso nambalazi ndi za hex, kawerengedwe koyendera ma 16 m'malo mwa ma 10: mukaona 12 ndiye 18, mukaona 15 ndiye 21. Byte 21 yokha musaidalire, chifukwa F9 imaimiranso 1.2 MB.

Chitani zimenezi pa disiki ya mboni ija, yomwe makina anu amaivomereza. Nambala zake ndizo muzitsata pofomata zatsopano.

## Kufomata

11. Yambani mwaona ngati makinawo amafomata okha. Makiyibodi ambiri okhala ndi fulopi, a Yamaha, Korg ndi Roland, ali ndi lamulo lofomata pa menyu ya disiki, chimodzimodzinso makina ambiri opeta. Njira imeneyi iposa zonse, chifukwa mizere imaungidwa ndi mitu yomwe idzaiwerenge. Mukatha, itengereni ku laputopu mukaikemo mafayilo. Laputopu ikafunsa zofomata, kanani: ndiye kuti makinawo ali ndi kalembedwe kawokawo, pitani ku sitepe 15.

12. Sankhani disiki yoyenera. Makina ofuna 720 KB apatseni DD yeniyeni. Ikasowa, tengani HD, makamaka yosalembedwapo, mumate bowo la kumanja ndi tepi yakuda kutsogolo ndi kumbuyo. Ma drive ena amayeza bowolo ndi kapini, ena ndi kuwala, n'chifukwa chake tepi iyenera kukhala yolimba komanso yosawonekera. Dziwani kuti iyi ndi njira yongopulumukira. Maginito a HD amafuna mphamvu yolembera yosiyana ndi ya DD, ndiye disiki yotere ikhoza kugwira lero n'kuyamba kutaya ma sector pakapita miyezi. Ndi yonyamulira patani kuchoka pa laputopu kupita pa makina, si yosungira.

13. Pa Windows, tsegulani Command Prompt, tsekani kachitseko ka disiki kuti ilembeke, ndipo lembani:

`format a: /t:80 /n:9`

Imeneyi ndi ya 720 KB: /t ndi ma track, /n ndi ma sector. Ya 1.44 MB ndi `format a: /t:80 /n:18`. Musawonjezere /q. Kufomata kwachangu kumangofufuta ndandanda, mizere imakhala yakale yomweyo, ndiye disiki ya 18 siisanduka ya 9. Ma drive ena a USB amakana lamulo la 720 KB pa Windows. Zikatero yesani pa Linux musanaganize zogula drive ina.

14. Pa Linux ntchito ili pawiri, kuunga mizere ndi kulemba ndandanda. Funsani kaye drive zomwe imatha:

`sudo ufiformat -i /dev/sdb`

Ikasonyeza 720, pitirizani:

`sudo ufiformat -f 720 -V /dev/sdb`

`sudo mformat -i /dev/sdb -f 720 ::`

Ambiri amaimira pa lamulo loyamba lofomata, makina n'kuikanabe disiki chifukwa mulibe FAT. Chilembo cha -V chimauza drive iwerengenso zomwe yalemba. Disiki yolephera apa, makamaka pa track 0, itayeni, chifukwa boot sector ndi chiyambi cha FAT zimakhala pomwepo. Mukamaliza, pangani image ya disiki yatsopanoyo muyerekeze ma byte 11 mpaka 27 ndi a mboni.

## Madisiki omwe drive ya USB siingathe

Drive ya USB ili ndi kaubongo kake komwe kamangodziwa makalembedwe awiri kapena atatu. Ya Amiga, ya Macintosh ya 800 KB, ya Akai, yonseyi imaiona ngati yopanda kanthu. Ya Macintosh ya HD ndi yosiyana: mizere yake ndi ya 18 × 512 ngati ya PC, ndandanda yokha ndiyo yachilendo, ndiye sitepe 9 imagwira ngakhale Windows ikane kutsegula.

15. Lumikizani Greaseweazle. Kabolodi aka, komwe anakonza Keir Fraser, sikasamala za ma sector. Kamangojambula kusintha kwa maginito momwe mutu ukumvera. Mzere wofiira wa kebulo upite ku pini 1 mbali zonse ziwiri.

Chenjezo: yatsani koyamba mulibe disiki. Nyali ya drive ikangoyaka osathima, kebulo mwaitembenuza, ndipo disiki yomwe ingakhale m'katimo ikhoza kufufutika.

16. Jambulani kaye zosaphika, kenako muzimasulira:

`gw read --drive=A disiki.scp`

`gw convert --format=amiga.amigados disiki.scp disiki.adf`

Gwiritsani --drive=A ngati drive ili kumapeto kwa kebulo yopotoka pakati, B ngati ili pa cholumikizira chosapotoka. M'malo mwa amiga.amigados mukhoza kuyesa mac.800, akai.800, ibm.720 kapena ibm.1440. Ubwino wake ndi wakuti disiki yokalamba yawerengedwa kamodzi kokha, zoyesayesa zonse mukuchitira pa fayilo.

Amene mwachotsa drive m'kiyibodi n'kuikamo Gotek yowerenga flash, masamu ndi omwewa. Gotek yokhala ndi pulogalamu ya FlashFloppy imazindikira mizere poona kukula kwa fayilo ya image, ndiye makina a 720 KB apatseni image ya ma byte 737,280 ndendende.

## Zolakwika zofala

Kuvomera kompyuta ikafunsa zofomata. Funsoli limangotanthauza kuti Windows siikuzindikira zomwe yaona. Disiki yosakhoma isalowe m'laputopu ngati ndi kope lokhalo lomwe muli nalo.

Kuboola DD kuti ikhale HD. Ena amatenga msomali wamoto n'kuboola kumanja. Imafomatika ndithu, koma maginito a DD sanapangidwire ma bit othithikana chonchi, ndipo zinyenyeswa za pulasitiki zimagwera m'kati.

Kudzaza mayina disiki isanadzaze. Ndandanda yoyamba imalandira mayina 224 pa 1.44 MB ndi 112 pa 720 KB. Dzina lalitali la Windows limadya malo angapo: amodzi a dzina lalifupi, ndi ena pa zilembo 13 zilizonse. Mapatani ang'onoang'ono a mabaji a sukulu okhala ndi mayina aatali amatha kutseka ndandanda disiki ikadali ndi malo ambiri. Gwiritsani zilembo zosaposa 8, kadontho, ndi zitatu, monga BAJI01.DST. Makina akale ambiri salowanso m'mafoda, ndiye ikani mafayilo pamtunda.

Kukopera pa Mac ya masiku ano. Imasiya timafayilo tobisika toyamba ndi ._ tomwe kiyibodi imationa ngati nyimbo zowonongeka.

Kulemba disiki ya 360 KB m'drive ya 1.2 MB. Drive ya 1.2 MB ili ndi mizere 96 pa inchi, ya 360 KB ili ndi 48, ndiye mutu wa yoyambayo ndi wowonda. Ikalemba pamwamba pa mzere wakale wonenepa, m'mbali mumatsala zakale, drive ya 360 KB n'kumawerenga zonse ziwiri nthawi imodzi. Kuwerenga kokha kulibe vuto. Komanso disiki ya HD ya 5.25 siifomatika bwino m'drive ya 360 KB, maginito ake ndi olimba kuwirikiza kawiri.

Kufinya kuti zikwane. DMF ndi ma track 82 zinali zogawira mapulogalamu, zolembedwa kamodzi. Kiyibodi kapena makina opeta oyembekezera ma sector 18 akafika pa fayilo yodutsa malire amawerenga zosokonekera, ngati aivomera n'komwe. Patani yaikulu igaweni pa madisiki awiri.

Kutulutsa disiki nyali ikuyaka. FAT imalembedwa chakumapeto kwa kukopera. Dikirani nyali ithime ndipo mota isiye kulira.

Kuika madisiki pa sipika. Kumbuyo kwa sipika ya ku tchalitchi kuli maginito aakulu, chimodzimodzi mafelemu ena ogwirira nsalu pa makina opeta. Maginito amafufuta ngakhale mitu ya ma sector, ndiye disiki yotere imafuna kufomatidwa mwathunthu isanagwirenso ntchito. Zotumiza kumudzi pa basi ya ku Park Station zikulungeni m'kabokosi ka pulasitiki pakati pa zovala, kutali ndi zokuzira mawu ndi dzuwa la pa windo, ndipo mafayilo a image mutumize padera pa WhatsApp kapena imelo, popeza ya 720 KB kapena 1.44 MB siifika ngakhale 2 MB.